Chilumba cha Verne ndi Chiyankhulo cha Mwana

Buku la Jules Verne, L'Île mystérieuse, lidayamba kutuluka m'zigawo mu 1874 m'magazini ya ana ya Pierre-Jules Hetzel ku Paris. Hetzel adakana zolemba zoyambirira, L'Oncle Robinson, podandaula kuti zidaperewera sayansi. M'buku lokonzedwalo, anthu asanu otayika pachilumba amakoleza moto ndi magalasi a mawotchi, nadzala njere imodzi ya tirigu.

Ana a ku France adawerenga zonsezi m'Chifalansa, chiyankhulo chakwawo. Tsono tikanirenji kuti mwana wa ku Angónia amve m'Chinyanja mmene galasi limasonkhanitsira kutentha kwa dzuwa? Onena kuti sayansi imafuna Chipwitikizi chokha akulakwa. Aphunzitsi, simbani nkhaniyi chigawo chimodzi patsiku, ana afunse m'chiyankhulo chawo. Akamvetsa chinthucho, dzina lake la Chipwitikizi silidzawavuta.