Mjigo wakufa unanditsitsira mtengo wa nyumba

Wokondedwa Mkonzi,

Ndiloleni ndidandauleko pa nkhani ya madzi. Chaka chatha ndinagulitsa nyumba yanga yamalata. Wogulayo sanafunse n'komwe za zipinda, koma anati, "Kodi mjigo uli kuti?" Atamva kuti unafa kalekale ndipo amayi akukatunga ku mtsinje wa Rivirivi, anatsitsa mtengo ndi theka.

Chomwe chinapha mjigowo ndi timphira totchipa chabe. Anzanga akumudzi, n'chifukwa chiyani timakana kusonkherana ndalama zokonzera? Taiwala kale kuti kolera anapha Amalawi oposa 1,700 mu 2022 ndi 2023?

Abusa ndi ansembe, chonde muzitikumbutsa za chopereka cha mjigo Lamulungu lililonse. Mutu umodzi susenza denga.

Wodandaula,
Utale, Balaka.