Madandaulo a Ife Omwa Ma ARV ku Liwaladzi kwa Ofuna Mavoti Athu

Olemekezeka inu nonse amene mukufuna uphungu ndi ukhansala m'dera lino,

Takumvani pamisonkhano yanu mukulonjeza milatho, misika ndi zikho za mpira. Za ife amene tili ndi kachilombo ka HIV simutchulako, chonsecho pakati pa amayi okuvinirani ndi anyamata okunyamulirani mbendera ifenso tilipo. Ndife asodzi, ogulitsa usipa, alimi a mpunga ndi chinangwa, odula nzimbe ku Dwangwa, ndiponso agogo olera ana amasiye. Takhala pansi m'magulu athu olimbikitsana ndipo tagwirizana kuti voti yathu ipite kwa amene ayankhe madandaulo awa.

Loyamba ndi la mankhwala. Akuluakulu pakati pathu akukumbukira zaka za kaliwondewonde, pamene makasu okumbira manda sankapuma. Zinthu zinasintha mu 2004, boma litayamba kupereka ma ARV aulere ndi thandizo la Global Fund. Koma mpaka lero mankhwalawa amagulidwa ndi ndalama zakunja. Mu Januwale 2025, dziko la America litaimitsa thandizo lake, tulo tinasowa. Ena mwa ife anayamba kudumphitsa masiku kuti botolo lichedwe kutha, akudziwa bwino kuti kutero n'kupatsa mphamvu kachilombo. Ku Abuja mu 2001 atsogoleri a mu Africa analonjeza kupereka 15 peresenti ya bajeti ku zaumoyo, koma bajeti yathu zaka zambiri siifika pamenepo. Amene amavomereza bajetiyo ndi phungu. Kodi inu mukaimirira m'Nyumba ya Malamulo n'kufunsa za ife?

Lachiwiri ndi la ulendo ndi matenda ena. Ma ARV timalandira, koma ukadwala chibayo kapena BP ikakwera, nthawi zambiri umauzidwa kuti ukagule mankhwala kufamase. Ukatumizidwa kuchipatala chachikulu, ndalama ya kabaza ndi minibasi ndi yomwe ikanagula ufa wa mlungu wathunthu. Magazi oyeza kuchuluka kwa kachilombo amatengedwa, zotsatira n'kuchedwa miyezi. Amayi amene ali ndi kachilomboka ndi amene khansa ya khomo la chiberekero imawagwira kwambiri, koma ambiri amakayezedwa nthenda itafalikira kale.

Lachitatu ndi njala. Mankhwalawa ukamwa m'mimba mulibe kanthu, mutu umazungulira, kumunda sungalime, ngakhale nkhafi sungapalase. Madzi osefukira a mu Febuluwale 2024 anakokolola minda ndi nyumba kuno ku Nkhotakota, n'kudulanso msewu wa M5. Mabotolo a mankhwala ndi mabuku a kuchipatala zinapita ndi madzi, ndipo m'misasa munthu ankachita manyazi kunena pagulu chimene chamutayika. Nyanja nayo inakwera n'kumiza minda ya m'mphepete. Kondowole wopanda ndiwo sangachirikize thupi la munthu womwa mankhwala tsiku ndi tsiku.

Lachinayi ndi tsankho. Lamulo lokhudza HIV ndi Edzi, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2018, limaletsa kusala munthu ndi kuulula za magazi ake popanda chilolezo. Koma m'midzi muno tikumanenedwabe kuti "a mayunitsi". Polemba mayina a olandira feteleza wotsika mtengo kapena ganyu ya chitukuko, ena mwa ife timadumphidwa ati tilibe mphamvu. Alipo alaliki ndi asing'anga amene amauza odwala kuti achira, ataye mankhwala, ndipo anzathu otere tawaika m'manda osamva kuti wowanamizayo wafunsidwa mlandu.

Lachisanu ndi la ana athu aakazi. Nsomba zikasowa padoko, mayi kapena mtsikana wopanda mpamba amauzidwa kuti ayambe wagona ndi mwini nsomba kuti amugulitse. Tonse timadziwa, ndipo tonse timayang'ana kumbali. Popanda ngongole zazing'ono za bizinesi ndi makondomu opezeka padoko pomwepo, matendawa sadzachoka kunyanja kuno.

Tsono amene tidzamuvotere ndi uyu: abwere adzakhale nafe pamphasa m'gulu lathu, osati kungotumiza nthumwi ndi nsalu za chipani. Akayezetse magazi anthu akuona. Mu Febuluwale 2004 a Bakili Muluzi, ali pulezidenti, ananena poyera kuti mchimwene wawo anamwalira ndi Edzi. Phungu angalephere bwanji kutchula matendawa pamsonkhano? Alonjeze pamaso pa mafumu kuti akamenyera ndalama za boma zogulira ma ARV, kuti mbali ina ya thumba la chitukuko cha dera ipite ku chipatala choyendayenda chofika kumadoko, ndiponso kuti mmodzi wa ife adzakhale m'komiti yoyang'anira zaumoyo.

Ndalama za m'manja musavutike nazo. Lamulo la zipani la 2018 linaziletsa, ndipo zikwi ziwiri sizifikitsa munthu kuchipatala n'kubwerako. Makolo anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, choncho lonjezo lililonse mutilembere papepala, lisainidwe, ife tisunge. Amene achite zimenezi tidzamuchitira kampeni khomo ndi khomo, ndipo chaka chikatha tidzamuitana kuti tiwerengere limodzi zimene wakwaniritsa.

Ndife anu,
Abambo, amayi ndi achinyamata a m'magulu olimbikitsana a ku Liwaladzi