Posita yabwino sifuna mitundu khumi

Ku wailesi kwathu amatibweletsela maposita kuti tilengeze makonsati ndi masewela a mpila. Ambili amatopetsa maso: mitundu khumi, zithunzi zisanu, manambala a foni atatu, koma tsiku la cocitikaco timacita kulisakila. Masiku ano foni imapatsa munthu mtundu uliwonse mwaulele, ndipo m'pamene pagona vuto.

Kale mtundu unali wodula. Mu 1796, Alois Senefelder wa ku Munich anatulukila njila yosindikizila ndi mwala wosalala, yochedwa lithography. Mmisili anali kujambula pamwala ndi coko ca mafuta, kenako n'kuunyowetsa. Popeza madzi ndi mafuta sizigwilizana, inki inali kumamatila pa cojambulaco cabe. Mu 1837, Godefroy Engelmann wa ku France analembetsa njila yosindikiza zithunzi za mitundumitundu. Koma mtundu uliwonse unali kufuna mwala wake, ndipo pepala likaphonya malo pang'ono, cithunzi conse cinali kuonongeka.

Jules Chéret anatsegula malo ake osindikizila ku Paris mu 1866. Kambili anali kugwilitsa nchito miyala itatu kapena inai cabe: wa inki yofiila, yacikasu ndi yabuluu, nthawi zina ndi yakuda. Mitundu ina inali kutuluka posanjikiza imeneyi. Anapanga maposita oposa 1,000. Mu 1891, Henri de Toulouse-Lautrec anajambula posita ya Moulin Rouge: wovina mmodzi pakati, oonelela ngati zithunzithunzi zakuda kumbuyo, mau ocepa. Woyenda pamseu anali kuimvetsa osaima n'komwe.

Ena adzati malonda amafuna phokoso, apo ayi posita ya mnzako idzakuphimba. Koma ngati onse akukuwa, womveka ndani? Munthu amene ali m'minibasi pa Cairo Road ali ndi kanthawi kocepa cabe koyang'ana cipupa.

Palinso cina. Chéret ndi Lautrec anali kusaina maposita ao, ndipo anthu anayamba kuwagula ndi kuwasunga. Kuno mnyamata amacezela usiku pa kompyuta, koma malipilo ake ndi "zikomo, mwana wanga", dzina lake osaonekapo.

Anzathu ojambula, yesani izi pa nchito yotsatila: mitundu itatu, cithunzi cimodzi, tsiku ndi malo m'zilembo zazikulu, dzina lanu pakona. Ndipo ife oitanitsa maposita, tiyeni tizilipila.