Madzi a chomera cha minga si mankhwala

M'chipululu cha Sonoran, ku Arizona m'dziko la America, alendo amakagona m'matenti kuti aone saguaro, chomera chachitali cha minga cha mtundu wa cactus. Chimakula mochedwa zedi. Nthambi yoyamba imaphuka patatha zaka 50 kapena kuposerapo, ndipo chimatha kukhala zaka 150.

Mafilimu amatinamiza kuti munthu waludzu akhoza kuboola chomera chotere n'kumwa madzi ake. Zoona n'zakuti madzi a cactus wambiri amasanzitsa ndi kutsegula m'mimba, ndiye wodwala amangotaya madzi ochepa otsala m'thupi.

Amene wadwalira pa ulendo m'chipululu asakakamire kuyenda. Masana agone pamthunzi, poti mu June kutentha kumapitirira madigiri 40. Azimwa pang'onopang'ono madzi owiritsa lita imodzi, osakaniza ndi timasupuni 6 ta shuga ndi theka la kasupuni ka mchere. Ndi nzeru yomwe ija ya Thanzi. Akayamba kubwebweta kapena kukomoka, anzake athamange naye kuchipatala.

Awerengi, ulendo wotere umafuna zigubu zodzaza musananyamuke. Saguaro ndi wongojambula basi.