Leverage ndi ngongole, achinyamata asanamizidwe

Nkhani ya Bitcoin yadzaza m'magulu a WhatsApp ndi Telegram a achinyamata athu, ndipo sitikudabwa. Kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Munthu kufuna pobisa kandalama kake sikulakwa. Chotidetsa nkhawa n'chakuti ambiri akulowera khomo loopsa kwambiri, la malonda a leverage.

Leverage ndi ngongole basi, ngakhale amene amaitsatsa sakonda kuitchula choncho. Mukaika madola 100 n'kusankha 10x, mukuchita malonda a madola 1,000, ndipo ndalama zanu zija zasanduka chikole. Mtengo ukakwera ndi 10 peresenti, mwapindula madola 100. Ukatsika ndi 10 peresenti, kompyuta imatseka malondawo yokha osakufunsani, chikole chonse chapita. Pa 20x kutsika kwa 5 peresenti n'kokwanira. Pa 100x, yomwe msika wa BitMEX udaitchukitsa kuyambira 2016, ikwanira 1 peresenti yokha, pomwe Bitcoin imatha kuyenda chotere munthu asadamalize kapu ya tiyi. Msikawu sutseka usiku kapena Lamulungu, ndipo pamalonda ambiri otere pamakhala kandalama kolipira pakatha maola asanu ndi atatu alionse.

Chopweteka kwambiri n'chakuti munthu akhoza kulosera bwino n'kutsalabe manja ali m'khosi. Mu Malichi 2020, mliri wa Covid-19 utagwedeza misika, Bitcoin idatsika ndi pafupifupi theka m'masiku awiri, kufika pansi pa madola 4,000. Pofika Novembala 2021 idali pafupi ndi madola 69,000. Amene adagula ndi ndalama zake n'kungosunga adaona zonsezi ali ndi katundu wake m'manja. Amene adabwereka, ngakhale pa 3x, adachotsedwa pamsika mtengo utangogwa; kukwera kudabwera iye atatuluka kale. Alimi athu akudziwa zimenezi: wopanda ngongole amasunga chimanga mpaka Febuluwale mtengo utakoma, koma wakatapila amagulitsa kwa mavenda chikangochoka m'munda, pamtengo uliwonse umene anene.

Tisamveke ngati tikunena kuti kusunga n'kotetezeka. Kuchoka pa 69,000 paja, Bitcoin idagwa mpaka pansi pa madola 16,000 mu Novembala 2022, ndipo idadzabwerera pamwamba pa mtengo wakale mu Malichi 2024. Ndi angati mwa ife angadikire nthawi yonseyo fizi ya ana ndi lendi zikudikira? Komanso si ndalama iliyonse yapaintaneti imene imadzukanso. LUNA idatheratu mtengo m'masiku ochepa mu Meyi 2022, ndipo amene ankaisunga mokhulupirika sadapeze kanthu. Msika wa FTX utagwa chaka chomwecho, anthu adalephera kutulutsa ndalama zawo, mwini wake Sam Bankman-Fried n'kulamulidwa kukakhala m'ndende zaka 25. Kusiyana kwake ndi leverage n'kwakuti wosunga amakhala ndi nthawi yoganiza n'kusankha yekha tsiku logulitsa. Maganizo athu ndi akuti wongoyamba kumene, ngati waumirira kulowa, aike ndalama zokhazo zimene atazitaya banja lake lidyabe nsima, ndipo batani la leverage asalikhudze.

Maiko ena adaziona kale. Ku Britain, bungwe la Financial Conduct Authority lidaletsa kugulitsa malonda a mtundu umenewu kwa anthu wamba kuyambira Januwale 2021. Mu Julayi chaka chomwecho FTX idatsitsa malire kufika pa 20x, ndipo Binance, yomwe inkalola mpaka 125x, idachita chimodzimodzi kwa makasitomala atsopano. Ngati eni msika adachita mantha, nanga wophunzira wa ku koleji amene akuseweretsa ndalama ya upkeep?

Banki yathu yaikulu, Reserve Bank of Malawi, idanena kale kuti ndalama zoterezi sizovomerezeka ngati ndalama za dziko lino, kutanthauza kuti wotaya zake alibe kokadandaula. Koma chenjezo lachingerezi m'nyuzipepala silifika kumene nkhaniyi ikukambidwa. Tikupempha bankiyi kuti ipite pawayilesi ndi pamasamba a mchezo, ifotokoze masamu amenewa m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, iuzenso anthu kuti ambiri mwa amene amagawa malinki olembetsera amalandira komishoni pa malonda alionse amene wolembetsayo achita, kaya wapindula kaya wataya.