Ngongole ya buku lonunkha usipa

Lero ndiyambe ndi kuulula mlandu wanga, poti ndausunga nthawi yaitali. Kwa zaka 16 ndinakhala ndi buku la eni pansi pa sutikesi, ndipo zaka zonsezo sindinapondeko pa laibulale imene ndinalibwereka. Popita kumsika ndinkadzera kanjira ka m'minda ya chinangwa, kuopa kukumana ndi bambo amene ankayang'anira mabukuwo. Munthu wamkulu ndithu, wandevu zake, kumazemba ngati waba mbuzi, chonsecho nkhani yake ndi buku limodzi.

Zinayamba chonchi. Nditalemba mayeso a Fomu 4 ndinakhala pakhomo kuno ku Bandawe kudikira zotsatira, ndipo monga amachitira anyamata ambiri a m'mbali mwa nyanja, ndinalowa usodzi. Malume anga anali siginala, uja amakhala m'bwato la nyali usiku n'kumakopa usipa kuti a chilimira adzaukute. Ine yanga inali kupalasa ndi kupopa nyali. Amene anapitako akudziwa kuti ntchito imeneyi gawo lalikulu ndi kudikira. Mumangokhala phee pamadzi, nyali zili ngwee, tulo tikukunyengererani. Tsono ine ndinkatenga buku, kulikulunga m'jumbo, n'kumawerenga pa kuwala komwe kunkaitana usipako. Malume ankangopukusa mutu.

Buku limene ndinali nalo sabata imeneyo linali I Will Try, lolembedwa ndi Legson Kayira, lomwe linatuluka mu 1965. Mkuluyu anaphunzira ku Livingstonia, ndipo mu 1958 ananyamuka wapansi kulowera kumpoto, cholinga akafike ku America kukaphunzira. Chimene chinandigwira mtima n'choti njira yake inatseguka m'laibulale. Atafika ku Kampala analowa m'nyumba ya mabuku, napezamo buku la maina a makoleji a ku America, nalembera kalata ku Skagit Valley College. Anamuyankha, ndipo mu 1960 anakafikadi. Ine ndili m'bwato, miyendo ili m'madzi, ndinkadziona ngati ndikuyenda naye.

Ndiye usiku wina m'mwezi wa Julaye mwera unatipeza. Bwato silinagubuduke, tithokoze Mulungu, koma madzi analowa osati masewera, ndipo jumbo ija inali yobooka. Kutacha ndinaliyanika buku lija pathandala limodzi ndi usipa. Litauma linatupa ngati mandasi, masamba ena anamatana, ndipo fungo lake mphaka ankalitsatira. Lamulo linali lodziwika: ukawononga buku, ulipire. Ndalama ndinalibe. Ndinati ndidikire mwezi utha. Mwezi unatha, manyazi anakula. Kenako ndinakwatira, ndinapita ku Joni monga anzanga, ndinabwerako, buku lili m'sutikesi momwemo.

Amene anandiulula ndi mwana wanga wamkazi. Ali Sitandade 8, aphunzitsi ake anawauza kuti Chingerezi sichilowa m'mutu pongomvera m'kalasi, azikabwereka mabuku a nthano. Anabwera ndi kapepala. "Ada, akuti kholo likasaine kuti ndizibwereka." Ndinayankha kuti mawa. Mawa litafika ndinati ndatanganidwa. Tsiku lachitatu mayi ake anandiyang'ana nati, "Bambo ake mwana, kodi kumeneko munabako chiyani?" Anafunsa mwanthabwala, osadziwa kuti alasa pachilonda.

Loweruka lake ndinafukula buku lija, n'kulikulunga m'nyuzipepala, ulendo. Bambo aja ndinapeza anapuma kalekale, pampando pali mayi wachitsikana. Ndinafotokoza zonse, mawu akunjenjemera ngati ndili pabwalo la mfumu. Mayiyo anatulutsa kaundula wakale wachikuto chong'ambika, natsegula, ndipo dzina langa linalipodi, lolembedwa mzere wofiira kunsi. Koma silinali lokha. Tsamba lililonse linali ndi mizere yofiira iwiri kapena itatu, ndipo maina ena ndinawazindikira: anthu amene timapemphera nawo, ena ndi akuluakulu a mpingo.

Mayiyo anaseka pang'ono, nati, "Ada, buku likatayika timadandaula, koma limapezeka lina. Chimene chimatipweteka n'choti mwini dzinali sabweranso, ndipo ana akenso sabwera." Tinagwirizana kuti ndibweretse buku lina m'malo mwake. Nditapita ku Mzuzu ndinagula awiri. Mlandu wa zaka 16 unatha m'mphindi zosakwana khumi.

Mawu a mayi ajawo ndi amene andilembetsa nkhaniyi. Tikamakamba za malaibulale m'dziko muno, nyimbo yathu imakhala imodzi: alipo ochepa, mabuku ndi akale, boma likuchedwa. Zonsezo n'zoona. Bungwe la National Library Service linayamba ntchito mu 1968, likulu lake lili ku Lilongwe, ndipo nthambi ya ku Mzuzu ndinaigwiritsapo ntchito, ndi yabwino. Koma kuchoka kuno kukwera minibasi pamsewu wa M5 mpaka kukafika kumeneko n'kubwerako, tsiku latha, ndipo ndalama yake ndi ya ndiwo za masiku angapo. Palibe kholo limene lingatumize mwana ulendo wotere kukabwereka buku la nthano. Ife timadalira timalaibulale ting'onoting'ono ta m'masukulu, m'mipingo ndi ta mabungwe, monga ija a Ripple Africa anamanga ku Mwaya, kum'mwera kwa Kande. Komatu ngakhale timeneti, tochepa momwemo, sitidzaza. Ndipo chimodzi mwa zifukwa zake ndi mantha, mbali zonse ziwiri.

Wobwereka amaopa. Kholo limene silinapite patali ndi sukulu limaona laibulale ngati ofesi ya boma, malo oti ukalowa ndi patapata akuyang'ana kumapazi. Limaopanso ngongole. Nyumba zathu zambiri n'zofolera udzu, ndipo Nkhata Bay ndi boma la mvula yambiri. Buku likhoza kudonthedwa, mwana wamng'ono akhoza kuling'amba, agogo akhoza kuthothola tsamba n'kupichirira fodya osadziwa. Ndiye kholo limangoti, "Usabweretse zinthu za eni m'nyumba muno." Ndamvapo mawu amenewa kangapo, ndipo sindiwaweruza, poti inenso mantha omwewo anandimanga zaka 16.

Wosunga mabuku nayenso amaopa. Ndinafikapo pa sukulu ina m'dera lino, sinditchula dzina, pomwe makatoni a mabuku opatsidwa anakhala m'kabati yokhoma kwa zaka. Aphunzitsi amene anali ndi kiyi anandiuza mosabisa kuti akawatulutsa n'kusowa, mlandu ukhala wawo alendo akadzabwera kudzawerenga. Tsiku limene anatsegula, chiswe chinali chitadya katoni yapansi yonse. Mwezi wa Disembala 2015, laibulale ya Mzuzu University itapsa, dziko lonse linalira mabuku pafupifupi 45,000 amene anasanduka phulusa usiku umodzi, ndipo kulirako kunali koyenera. Koma amene akutha mwakachetechete m'makabati okhoma, opanda mwana ndi mmodzi yemwe amene anawatsegulapo, sitiwalira. Kwa ine buku lothaitha, lakuda m'mbali chifukwa cha zala za ana, ndi limene lagwira ntchito yake.

Zimandiwawa kwambiri chifukwa kuno ndi ku Bandawe. Amishoni a Livingstonia, motsogozedwa ndi Dr Robert Laws, anasamukira kuno mu 1881 kuchokera ku Cape Maclear, ndipo anakhala pano mpaka likulu litasamukira ku Khondowe mu 1894. Makolo athu anaithamangira sukulu pamene madera ambiri ankaikayikira. Clements Kadalie, wobadwira m'mudzi wa Chifira pafupi pompano, anakayambitsa bungwe la anthu apantchito la ICU ku Cape Town mu 1919, ndipo linagwedeza South Africa. Chida chake chinali kuwerenga, kulemba ndi pakamwa. Timakonda kunyadira mbiri imeneyi pamaliro ndi pamaukwati, kuti ife a m'mbali mwa nyanja ndife ophunzira. Koma mbiri siwerengera mwana buku. Mdzukulu wa anthu amenewo akhoza kufika Sitandade 8 asanamalizepo buku ndi limodzi lomwe lopanda mayeso kumapeto kwake.

Ena amati nanga si masiku ano zonse zili pafoni. Inde, foni ndimaigwiritsa ntchito, ndipo nkhani inoyi mukuiwerenga pa intaneti. Koma tiyeni tinene zoona. M'nyumba zambiri foni yaikulu ndi imodzi, imakhala m'thumba la bambo, bando ikatha yatha, ndipo ikakhala m'manja mwa mwana, WhatsApp ndi TikTok zimamulanda asanafike tsamba lachiwiri. Buku silifuna kutchaja. Komanso laibulale imakupatsa chimene sunadziwe kuti ukuchifuna. William Kamkwamba wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu, atasiya sukulu chifukwa chosowa fizi pa njala ya 2002, ankapita ku kalaibulale ka pasukulu ya pulaimale kwawoko. Kumeneko anakumana ndi buku lotchedwa Using Energy, lokhala ndi chithunzi cha makina oyendera mphepo pachikuto. Chingerezi chinkamuvuta, ankatsatira zithunzi, koma anapanga makina ake opangira magetsi kuchokera ku zitsulo zotayidwa. Akanakhala kuti wosunga mabuku uja anakhoma kabati poopa kuti mnyamata wosiya sukulu awononga, bwenzi lero tikumudziwa?

Tsono ndili ndi zopempha zingapo, ndipo ndiyamba ndi inu osunga mabuku. Kamodzi pachaka lengezani m'matchalitchi, m'mizikiti ndi pamisonkhano ya mafumu kuti sabata yakutiyakuti aliyense amene ali ndi buku lakale abweze, popanda chindapusa, popanda mafunso. Mudzadabwa ndi zimene zidzatuluke m'masutikesi. Muganizirenso nthawi yotsegulira. Laibulale yotsegula nthawi imene ana ali m'kalasi, n'kutseka pamene akuweruka, ikutumikira ndani? Msodzi amagona m'mawa, mayi amakhala kumunda kapena akukonza chinangwa cha kondowole. Masana ndi Loweruka ndiye nthawi yathu.

Kwa inu otipatsa mabuku, yewo chomene, koma muzifunsako kaye. Ndinaonapo pashelefu buku lofotokoza malamulo a msonkho a dziko lina lakutali, latsopano ngati lagulidwa dzulo, poti palibe analigwirapo. Pamene buku limodzi lokhalo la Sikusinja ndi Gwenembe, la John Gwengwe, linali litamatidwa ndi selotepi mpaka chikuto osaoneka. Anthu amafuna mabuku a sukulu a silabasi ya pano, nyuzipepala, za ulimi, za umoyo, za kasungidwe ka nsomba, ndi nthano za m'zilankhulo zathu. Kuno timayankhula Chitonga, koma kupatula Baibulo ndi buku la nyimbo, mwana sakumana ndi chilankhulo cha amayi ake papepala kawirikawiri. Aphunzitsi opuma ntchito amene mwadzaza m'midzi muno, nthano za agogo zija mukudikira ndani kuti azilembe?

Pempho lalikulu ndi la kwa ife makolo. Tisamangouza mwana kuti pita ukawerenge. Timuperekeze tsiku loyamba, tikasaine, tikamudziwe amene amasunga mabukuyo, ndipo ifenso tibwerekeko lathu. Kunyumba tipeze chitini chotsekeka kapena kachidebe kokhala ndi chivundikiro, mukhale mosungira buku la eni, kutali ndi mvula ndi makoswe. Ndipo tsoka likagwa, buku lanyowa kapena lang'ambika, timugwire dzanja mwanayo tikapepese limodzi sabata yomweyo. Akaona bambo ake akupepesa n'kutuluka ali wamoyo, waphunzira chinthu chimene ine ndinachiphunzira nditamera imvi.

Mwana wanga uja tsopano amabwereka buku sabata iliyonse. Sindinganene kuti wasanduka katswiri, mayeso akubwerawa ndi amene adzanene. Chimene ndikuona n'choti madzulo akatha kutsuka mbale amakhala pakhonde ndi kanyali ka sola, azing'ono ake atamuzinga, iye n'kumawamasulira nthano m'Chitonga. Mayi ake, amene ankati mabuku ndi a ana asukulu, mwezi watha anamutuma kuti akawabwerekere la kaphikidwe.

Buku la Kayira lija mayi wa ku laibulale anandibwezera, akuti palibe angaliwerenge ndi fungo limenelo. Lili pawindo, ndipo masamba omaliza ndi omatanabe, moti mathero a ulendo wake ndinachita kuwerenga m'buku lina. Inu amene mukuwerenga nkhaniyi muli chimwemwetsa chifukwa mwakumbukira kanthu kena kali pansi pa matiresi, Loweruka likubwerali katengeni mupite nako. Mutengenso mwana.