Kupambana kwa Mwana Wamkazi Sikuli pa Njira Imodzi



Kuno ku Chilwa tikafunsa kholo kuti mwana wake wamkazi adzakhale ndani, yankho timalidziwa kale: namwino, mphunzitsi, apo ayi akwatiwe ndi mwini bwato ndi khoka. Zonsezi n'zabwino. Koma nyanja yathu yatiphunzitsa kanthu. Inaphwa m'chaka cha 1968, inaphwanso mu 1995, ndipo mu 2018 mabwato anakhala pamatope ku Kachulu. Banja lodalira matemba okha limagona ndi njala madzi akathawa. Ndi mmenenso zilili tikamaona tsogolo la ana athu pa njira imodzi yokha.

M'sukulu zathu muli atsikana aluso lopeka nkhani ndi kukonza masewero. Ambiri a ife timawakalipira kuti n'zachibwana. Tisanatero, tiyeni tikumbukire amayi ena.

Du Chisiza Jr atamwalira mu 1999, amene anatenga utsogoleri wa gulu lake la zisudzo la Wakhumbata anali mayi, Gertrude Kamkwatira. Kenako anayambitsa gulu lakelake la Wanna-Do, nalemba masewero odzudzula nkhanza za m'banja ndi ochenjeza za Edzi, kufikira imfa yake mu 2006. Mu 2016, kanema wa Joyce Mhango Chavula wotchedwa Lilongwe analandira mphoto ku Lagos, m'dziko la Nigeria, monga wopambana m'chigawo cha kummwera kwa Africa.

Taonani kuti amayiwa sanangoima pamaso pa anthu ayi. Ankalemba nkhani, kusankha ochita sewero ndi kulamula ntchito yonse. Wolemba nkhani ndiye amasankha zimene ana athu adzamve pa wailesi ndi kuona pa kanema. Ana athu akapanda kukhalapo, moyo wa mayi wowamba nsomba ku Chisi adzaufotokoza ndani?

Nkhawa ya makolo tikuimvetsa. Alipo achinyengo amene amalonjeza atsikana kutchuka pofuna kuwaononga, aliponso masewero opanda ulemu. Koma mankhwala ake si kukwirira luso. M'mera mpoyamba: mwana amalize sukulu, tidziwe gulu limene walowa ndi amene akulitsogolera, timperekeze, ndipo timuphunzitse kukana gawo lililonse lomuchotsera ulemu wake. Cholembera ndi kamera sizifuna kuti munthu avule hijabu.

Tisayesenso kupambana ndi kutchuka kokha. Tifunse mafunso atatu: kodi ndalama yake ndi ya halali? Kodi ntchito yake ikuongola anthu? Nanga iye akakwera, akukweza atsikana anzake?

Mwana wanu akadzakuuzani kuti walemba sewero, khalani naye pamphasa, akuwerengereni mpaka kumapeto, ndipo pokhapo muweruze.

Allah atitsogolere polera ana athu.